Chimbale chathu choyamba chatha kujambulidwa: tiyambe ndi phwando lochikhazikitsa kapena tiyambe tatulutsa nyimbo imodziimodzi?

Wagitala wa ku Linthipe walemba:

Akuluakulu, ndabwera kudzapempha nzeru kwa inu amene munayendapo njira imeneyi kapena amene mwaiona pafupi. Ine ndine mphunzitsi wa kupulayimale, kwathu ndi ku Linthipe m'boma la Dedza koma ntchito ndikugwira ku Lilongwe, ndipo kwa zaka 6 ndakhala ndikuimba m'maukwati ndi m'zinkhoswe pamodzi ndi anzanga atatu, wa ng'oma, wa besi ndi wa kiyibodi. Mwezi wathawu tamaliza kujambula nyimbo 10 mu situdiyo ina ya kuno ku Lilongwe, ntchito imene yatitengera chaka ndi miyezi ingapo chifukwa tinkajambula nyimbo imodzi pokhapokha ndalama ikapezeka. Nyimbozo ndi zachikhalidwe chathu, zina zoyendera ng'oma za chimtali ndi zina za gitala wosagwiritsa ntchito magetsi, ndipo zonse ndi za m'Chichewa.

Vuto labwera pa sitepe yotsatira, chifukwa m'gulu mwathu tagawikana. Anzanga awiri akufuna kuti tichite lendi holo yaikulu mu Disembala, tiitane oimba otchuka awiri kapena atatu oti adzatithandize, tipeze mlendo wolemekezeka woti adzagule CD yoyamba, ndipo chimbalecho chidzatuluke tsiku lomwelo. Iwo akuti chimbale chimene sichinakhazikitsidwe pagulu anthu sachiwerengera, ndipo aulutsi a pawailesi nawo sachilabadira. Mnzanga wachitatu akuti masiku ano palibe amene amagula CD, choncho tingoika nyimbo zonse pa YouTube ndi kuzimwaza pa WhatsApp kuti dzina limveke, ndalama zidzabwera kudzera m'maukwati amene tizidzaitanidwako.

Ine mtima wanga uli pakati. Ndalama imene tasunga ndi yochepa, ikhoza kukwanira holo ndi zokuzira mawu, kapena kanema wa nyimbo imodzi ndi kulengeza pawailesi, koma singakwanire zonse ziwiri. Ndikuopanso kuti tikangotulutsa nyimbo imodzi, anyamata oika nyimbo m'mafoni a anthu m'misika aitenga n'kumaigulitsa ife osapezapo kanthu. Anthu amene amatitsatira pa Facebook si ambiri, koma ndi okhulupirika, ndipo ambiri a iwo tinakumana nawo pamaso m'maukwati a abale awo. Kodi tiyambe ndi chiyani, ndipo ndi zinthu ziti zimene woyamba ngati ine amaiwala n'kudzazikumbukira madzi atafika kale m'khosi?

Bambo Mbewe a ku Balaka ayankha:

Aphunzitsi, choyamba ndikuyamikireni kuti mwamaliza kujambula, chifukwa magulu ambiri amatha asanafike pamene mwafikapo. Ine ndinaimba besi m'magulu osiyanasiyana kuno ku Balaka kuyambira nthawi ya makaseti, ndipo ndikufuna ndikufotokozereni kumene mwambo wa phwando lokhazikitsa chimbale unachokera, kuti muone ngati chifukwa chake chikadalipo kwa inu.

M'zaka za m'ma 1990, dziko litangolowa m'ndale za zipani zambiri, Balaka anali likulu la nyimbo. Alleluya Band ya a Paul Banda inali itatsegula kale njira, kenaka malemu Lucius Banda ndi Zembani Band anaikulitsa, ndipo achinyamata ambiri ankabwera kudzajambula kuno. Woimba akamaliza kujambula ankanyamula tepi yake kupita ku Limbe kwa O.G. Issa, amene ankachulukitsa makaseti ndi kuwagulitsa kwa ogulitsa m'misika ya m'dziko lonse lino. Kaseti iliyonse inkakhala ndi chidindo cha COSOMA, bungwe loteteza umwini wa luso m'dziko muno, ndipo chiwerengero cha zidindozo ndi chimene chinkasonyeza kuti makaseti angati alowa pamsika. Chimene ndikufuna mumvetse ndi chakuti pamene woimba ankakachita phwando ku French Cultural Centre ku Blantyre kapena kwina kulikonse, nyimbo zake zinali zitalira kale pa MBC, m'maminibasi ndi m'mabala kwa milungu yambiri. Anthu ankalipira pakhomo kuti akaone ndi maso munthu amene nyimbo zake ankaziimba kale pamtondo ndi kudimba. Phwandolo linali tsiku lokolola, ndipo kubzala kunali kutachitika kale.

Anzanu awiriwo akufuna kukolola m'munda umene simunabzalemo. Ndaonapo maphwando otere, ndipo chimene chimachitika n'chomvetsa chisoni: anthu amabwera chifukwa cha oimba otchuka amene mwawaitana, amavina mpaka thukuta pamene iwowo ali pa siteji, ndipo mwini tsiku akakwera ndi nyimbo zimene palibe akuzidziwa, anthu amayamba kutuluka kukagula zakumwa kapena kufunafuna minibasi. Mwalipira holo, mwalipira alendowo, koma dzina limene lakula tsiku limenelo ndi lawo. Taonani mmene a Black Missionaries a ku Chileka akhala akuchitira chimwalirireni Evison Matafale mu 2001: zimbale zawo zonse zimatchedwa Kuimba n'kumangosintha nambala, ndipo asanatulutse chatsopano amayamba aponya nyimbo ziwiri kapena zitatu pawailesi ndi m'mashoo amene amachita sabata ndi sabata, kotero kuti tsiku lokhazikitsa likamafika anthu amakhala akuimba nawo kale. Ngati gulu la mbiri yotero limayamba lakometsa anthu m'kamwa, kuli bwanji inu amene mukungoyamba kumene?

Uphungu wanga ndi wakuti musankhe nyimbo imodzi, osati imene inu mumaikonda kwambiri, koma imene anthu amadzuka nayo m'mipando mukaiimba pa ukwati. Mwakhala mukuyesa nyimbo zanu pa anthu kwa zaka 6, ndipo umenewo ndi mwayi umene oimba ongoyambira mu situdiyo alibe. Imeneyo ipite ku wailesi. Musangothamangira nyumba zazikulu zokha monga MBC Radio 2, Zodiak ndi Times, kumene nyimbo zatsopano zimafika zambirimbiri tsiku lililonse. Nyimbo za chimtali ndi gitala wosagwiritsa ntchito magetsi zili ndi eni ake kumidzi, ndipo eni akewo amamvera mawailesi a m'madera monga Bembeke kwanu ku Dedza komweko, Mudziwathu ku Mchinji, Nkhotakota ndi Dzimwe ku Mangochi. Pitani nokha, mutanyamula gitala, mukapemphe kucheza ndi muulutsi wa pologalamu ya nyimbo zakwathu, ndipo mukaimbe pompo. Muulutsi amene wakuonani nkhope ndi kumva mbiri ya nyimboyo amaiika mobwerezabwereza kuposa nyimbo imene yangomufika pafoni kuchokera kwa munthu wosamudziwa.

Chinanso, ndipo ichi ndikuchinena motsindika chifukwa ife ambiri chinatipweteka: nyimbo isanatuluke ngakhale imodzi, pitani ku COSOMA mukalembetse ngati mamembala ndipo mukalembetse nyimbo zonse 10, mosonyeza amene anapeka mawu, amene anapeka maimbidwe ndi amene anajambula. Bungwe limeneli linakhazikitsidwa mu 1992, ndipo lamulo loteteza umwini wa luso limene likugwira ntchito pano ndi la 2016. Ndi bungwe limeneli limene limatolera ndalama ku mawailesi ndi malo achisangalalo, komanso limagawa ndalama za Blank Media Levy, msonkho wa pa zipangizo zimene anthu amasungiramo nyimbo. Nyimbo imene sinalembetsedwe ikhoza kulira pawailesi chaka chonse mwini wake osalandirapo kalikonse, chifukwa ogawa ndalamawo alibe dzina loti alembepo.

Mayi Nachisale a ku Ndirande ayankha:

Achimwene, ine si woimba wodziwika, koma ndinali msungichuma wa komiti imene inakonza phwando lokhazikitsa chimbale cha kwaya yathu ya amayi, ndiye ndiyankhulako za ndalama, chifukwa mabuku ake ndinasunga ndine ndipo ndikudziwa pamene zinatithawira.

Mawu a Bambo Mbewe ndikugwirizana nawo, koma sindikufuna kuti mutaye ganizo la phwando, chifukwa kwa ife Amalawi chinthu chimene sichinachitiridwe mwambo chimaoneka ngati chobisa. Chimene ndikukana ndi holo yaikulu ndi mwezi wa Disembala. Mu Disembala mvula imakhala itayamba, anthu ndalama zawo zili ku feteleza ndi kwa aganyu, Loweruka lililonse kuli ukwati, ndipo aliyense akuganiza za Khirisimasi ndi fizi ya mu Januwale. Inuyo amene mumaimba m'maukwati, mwezi umenewo ndi wopezera ndalama, osati woitaya. Ife tinachita phwando lathu nyengo ya mvula ndipo inagwa kuyambira masana. Amayi ambiri amene anali atalonjeza kubwera kuchokera ku Bangwe ndi ku Chilomoni sanafike, ndipo sindiwaimba mlandu. Nyengo yabwino ndi ya pambuyo pa zokolola, kuyambira Meyi mpaka Okutobala, pamene misika ya fodya yatsegulidwa, soya ndi mtedza zagulitsidwa ndipo misewu ndi youma. Sankhani Lamulungu masana loyandikira malipiro a kumapeto kwa mwezi, anthu ataweruka kutchalitchi, kapena tsiku la tchuthi monga la anakubala pa 15 Okutobala, ngakhale kuti tsiku limenelo oimba akuluakulu amalilimbirana kwambiri.

Tsopano nkhani ya mlendo wolemekezeka ndi CD yoyamba. Pa tsiku lathu wotsogolera mwambo anagwira ntchito yake bwino, mlendo wolemekezeka anaimirira n'kutchula ndalama yaikulu, anthu anaomba m'manja ndi kululutira, ndipo ena anayi anatsatira ndi malonjezo awo. Titakhala pansi usiku kuwerenga zimene zinali m'mbale, ndalama yeniyeni inali yochepa kwambiri poyerekeza ndi imene inalengezedwa pa maikolofoni. Ndinayenda miyezi itatu kutsatira malonjezowo, kuimba foni, kudikira pa mabenchi a m'maofesi, ndipo ena mpaka lero sanapereke. Pamene eni zokuzira mawu, eni mipando ndi wojambula kanema ankafuna zawo tsiku lomwelo, ndinachita kubwereka ku banki m'khonde kuti tisachite manyazi. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo, ndipo ine ndinawamvetsa mawuwo chaka chimenecho. Powerengera ndalama za phwando lanu, lonjezo la mlendo wolemekezeka muliike pa ziro. Likabwera lidzakhale phindu, koma lisakhale ndalama imene mukudalira kulipirira holo.

Pali ndalama zina zimene sitinaziganizire n'komwe pokonzekera. Holo yambiri imafuna kuti mulipiriretu, ndipo pamwamba pake pamabwera jenereta ndi mafuta ake, chifukwa magetsi akazima pakati pa nyimbo palibe amene adzakumvereni chisoni. Pali chilolezo cha zisangalalo chochokera ku Censorship Board, bungwe la boma lounika zisangalalo, chiphaso cha COSOMA cha zoimbaimba za pagulu, achitetezo a pakhomo, mayendedwe ndi chakudya cha oimba amene abwera kudzakuthandizani ngakhale atanena kuti sakulipiritsani. Pakhomo muikepo anthu awiri osachokera banja limodzi, matikiti akhale ndi manambala, ndipo mugwirizane kale chiwerengero cha olowa ulere, chifukwa abale, azilamu ndi anzawo a oimba akhoza kudzaza theka la holo popanda wolipira. Gulitsani matikiti tsiku lisanafike kudzera pa Airtel Money ndi TNM Mpamba pa mtengo wotsikirako, chifukwa chiwerengero cha ogula msanga ndi chimene chidzakuuzeni kukula kwa malo amene mukufunika. Malo a anthu 200 odzaza mpaka ena kuimirira amatulutsa zithunzi ndi mbiri yabwino kuposa holo yaikulu ngati Robin's Park kapena BICC yokhala ndi mipando yopanda anthu.

Za ma CD, musapange ambiri. Ife tinapanga 500 ndipo makatoni ena akadali m'nyumba mwanga, chifukwa ngakhale amayi amene anagula ankatifunsa kuti tiwaikire nyimbozo m'foni popeza choimbira CD kunyumba alibe. Pangani ochepa okhala ndi chidindo cha COSOMA oti anthu agule ngati chikumbutso ndipo inu muwasainire, kenaka muonjezere ma flash ndi malaya olembedwa dzina la chimbale. Kwa ife malaya ndi zitenje ndi zimene zinatha msanga.

Chifundo wa ku Zomba wayankha:

Bambo aphunzitsi, ine ndine wamng'ono kwa onse amene ayankha, koma ndimathandiza oimba angapo kuika nyimbo zawo pa intaneti, ndiye ndikufuna ndikonzeko ganizo la mnzanu wachitatuyo komanso ndisiyaneko pang'ono ndi Bambo Mbewe pa nkhani ya wailesi.

Mnzanuyo akunena zoona kuti CD yatha mphamvu, koma akulakwitsa poganiza kuti kumwaza nyimbo zonse 10 tsiku limodzi ndiko kutchuka. Nyimbo 10 zikatuluka pamodzi kuchokera kwa gulu losadziwika, munthu amamvera yoyamba ndi theka la yachiwiri, ndipo zisanu ndi zitatu zotsalazo zimafa osamvedwa. Mukatulutsa imodzi, n'kudikira milungu isanu kapena isanu ndi umodzi, kenaka ina, ndiye kuti muli ndi nkhani yatsopano yoti muuze otsatira anu kawiri chimbale chisanafike. Pamene ndikusiyana ndi Bambo Mbewe ndi apa: masiku ano aulutsi ambiri amatsatira zimene zayamba kale kuyenda m'mafoni, choncho wailesi ndi foni ziyendere limodzi. Dulani kachigawo ka masekondi 30 pamene ng'oma za chimtali zafika pokoma, mujambule amayi akuvina pa ukwati weniweni atakulolani eni ake, ndipo mukaike pa TikTok, pa Facebook ndi pa WhatsApp. Anthu ambiri kuno amagula mabandulo a WhatsApp ndi Facebook okha chifukwa ndi otsika mtengo, ndiye kanema wamfupi woikidwa mwachindunji pamenepo amaonedwa ndi ambiri kuposa ulalo wowatumiza ku YouTube.

Pa za malo omvetserako nyimbo pa intaneti monga Spotify, Apple Music, Boomplay ndi Audiomack, ndikufuna musayembekezere zambiri koma musazinyalanyaze. Spotify inayamba kupezeka m'Malawi mu Febuluwale 2021. Woimba saika yekha nyimbo kumeneko. Amadzera kwa makampani ofalitsa monga DistroKid, TuneCore kapena CD Baby, amene ena amalipiritsa chaka ndi chaka pamene ena amalipiritsa kamodzi pa chimbale chilichonse, ndipo malipirowo ndi a madola. Ndi kusowa kwa ndalama zakunja kumene kulipoku, komanso kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, malipiro amenewa ndi olemera kwa mphunzitsi, ndipo amene amalipira chaka ndi chaka ayenera kufunsitsa chimene chidzachitikire nyimbo zake chaka chimene walephera kulipira. Dziwaninso kuti kuyambira 2024 nyimbo imene sinamvedwe ka 1,000 pa miyezi 12 silandira malipiro ku Spotify. Phindu lenileni kwa inu ndi lakuti nyimbo iliyonse imapatsidwa nambala yake ya ISRC yoizindikiritsa kulikonse, dzina lanu limakhazikika ngati eni ake, ndipo Amalawi a kunja amakupezani mosavuta. Tumizani nyimbo kwa ofalitsawo milungu itatu kapena inayi tsiku lotulutsa lisanafike, chifukwa kuti mupemphe akonzi a Spotify aganizire nyimbo yanu m'mindandanda yawo pamafunika masiku osachepera 7 nyimboyo isanatuluke. Ambiri amasankha Lachisanu, popeza ndilo tsiku limene makampani a nyimbo a m'maiko ambiri anagwirizana mu 2015 kuti nyimbo zatsopano zizituluka.

Ndikuchenjezeni chinthu chimodzi chimene ndachiona kangapo. Musalole kuti munthu wina, kaya ndi ine, kaya wojambula wanu, atsegule akaunti ya ofalitsa kapena ya YouTube m'dzina lake ndi imelo yake. Ubale ukadzasokonekera, nyimbo zanu ndi ndalama zake zimatsala m'manja mwake. Imelo ikhale ya gulu, ndipo nambala yachinsinsi idziwike kwa anthu awiri a m'gululo.

Za anyamata a m'misika oika nyimbo m'mafoni ndi m'ma memory card, mantha anu ndi omveka, ndipo zimene amachita popanda chilolezo n'zosemphana ndi lamulo. Koma simungawaletse, ndipo kwa nyimbo yoyamba ya gulu losadziwika iwowo ndi amene amaifikitsa ku Mitundu, ku Nsundwe ndi ku Chimbiya kumene intaneti ndi yodula. Chimene mungachite ndi kuonetsetsa kuti nyimbo ziwiri zoyambazo zili ndi dzina la gulu, chithunzi ndi nambala ya foni yoti ofuna kukuitanani ku ukwati aimbepo, ndipo zotsalazo muzisunge mosamala, osatumizira ngakhale mnzanu wapamtima, mpaka tsiku lokhazikitsa. Zimbale zambiri zimatuluka nthawi isanakwane kudzera mwa abale ndi anzake a woimba amene anangopempha kuti amveko.

Chuma chanu chachikulu ndi anthu amene munakumana nawo m'maukwati aja. Yambani lero kulemba manambala awo ndi madera awo. Uthenga wotumiza kwa ambiri nthawi imodzi pa WhatsApp umafika kwa anthu 256 pa mndandanda umodzi, ndipo umafika kwa okhawo amene anasunga nambala yanu, choncho muziwapempha kuti aisunge. Tsiku limene mudzalengeze matikiti, anthu amenewa ndi amene adzayambe kugula.

Achimwene a Joni ayankha:

Aphunzitsi, ine ndili ku Johannesburg chaka chachisanu ndi chitatu tsopano, ndimagwira ntchito ya zomangamanga, ndipo ndikuyankha ngati munthu wogula nyimbo, osati wozipanga. Ife amene tili kuno nyimbo za kwathu timazifuna kwambiri, makamaka zachikhalidwe ngati zanuzo, chifukwa ndi zimene timaika tikasonkhana Lamulungu kapena tikamathandizana pa maliro a mnzathu woti thupi lake lipite kumudzi. Chimene chimatikhumudwitsa ndi chakuti oimba ambiri amalengeza chimbale mwamphamvu, koma tikafuna kugula sitipeza njira. Amalemba kuti CD ikupezeka pa sitolo yakutiyakuti ku Lilongwe, ngati kuti tonse tili ku Lilongwe, ndipo ukalemba uthenga kufunsa, umayankhidwa patatha milungu iwiri kapena osayankhidwa n'komwe.

Ife timatumiza ndalama kumudzi mwezi uliwonse kudzera ku Mukuru ndi njira zina zotere, ndipo ndalamazo zimatha kufikira m'foni ya munthu. Mukaika nambala imodzi yodziwika bwino, dzina la mwini nambalayo ndi mtengo wa chimbale, n'kulonjeza kuti wolipira alandira nyimbo zonse tsiku lomwelo, ambiri tidzagula, ndipo ena tidzagulira makolo athu matikiti kuti akaonere m'malo mwathu. Ine ndinachitapo zimenezi kwa woimba wina wa nyimbo zauzimu: ndinagulira mayi anga ndi achemwali anga matikiti, ndipo woimbayo anawatchula mayina pa siteji n'kunditumizira kanema wake. Kuchokera tsiku limenelo chilichonse chimene amatulutsa ndimagula osafunsa mtengo.

Ngati mungathe, phwandolo mudzalionetse pa Facebook pamene likuchitika, koma mawu adzatengedwe kuchokera pa makina osakanizira mawu, osati pa maikolofoni ya foni imene ili pakati pa anthu, chifukwa tikangomva phokoso lokhalokha timatseka. Nthawi ya kuno ndi ya kumudzi ndi imodzi, ndiye Lamulungu masana limene Mayi Nachisale anenalo ndi labwino kwa ifenso.

Wagitala wa ku Linthipe walembanso:

Ndathokoza kwambiri nonse. Dzulo madzulo ndinawerengera anzanga mayankho anu onse titamaliza kuyeserera, ndipo takambirana mpaka usiku. Tagwirizana kuti za Disembala tazisiya, mwezi umenewo tiimbe m'maukwati ndi kusunga ndalama. Sabata yamawa ndipempha tsiku kusukulu kuti tipite ku COSOMA. Nyimbo yoyamba tidzaitulutsa mu Febuluwale, yachiwiri pambuyo pa Pasaka, ndipo phwando tikuliganizira kumapeto kwa Julayi pa malo aang'ono kuno ku Lilongwe, kenaka sabata yotsatira kwathu ku Dedza, kumene makolo athu ndi anthu amene anatiphunzitsa ng'omazi angathe kufika wapansi kapena pa njinga. Mayi Nachisale, mkazi wa mnzathu wa ng'oma wavomera kukhala msungichuma, ndipo mawu anu a ziro aja wawalemba pa tsamba loyamba la kope lake.

Pali chinthu chimodzi chimene chatulukira pa zokambiranazo ndipo chandisowetsa tulo. Wojambula wathu tinkamulipira nyimbo iliyonse tikamaliza, koma sitinalemberane kalikonse. M'nyimbo zitatu iye anaonjezera maimbidwe a kiyibodi amene sitinabwere nawo ife, ndipo kunena zoona ndi amene anazikometsa. Mafayilo onse oyambirira ali mu kompyuta yake, ife tili ndi nyimbo zomalizidwa zokha. Komanso nyimbo imodzi ndinaitenga kwa agogo anga aakazi, amene ankaiimba pamtondo, ine ndinangoonjezera ndime ziwiri. Kodi polembetsa ndilembe kuti mwini wake ndani?

Bambo Mbewe a ku Balaka ayankhanso:

Aphunzitsi, musapite ku COSOMA musanakhale pansi ndi wojambula wanuyo, ndipo mupite kwa iye panopa pamene nyimbo sizinatchuke ndipo mukumwetsana tiyi mwamtendere. Muuzeni poyera kuti mukuzindikira dzanja lake m'nyimbo zitatuzo, mugwirizane gawo limene alandire pa maimbidwe a nyimbo zimenezo, ndipo mulembe pa pepala kuti ndalama zimene munamulipira zinali za ntchito yojambula ndipo nyimbo zojambulidwazo ndi za gulu. Asaine iye, musaine nonse anayi, pakhalenso mboni imodzi ya mbali iliyonse. Tsiku lomwelo mutenge hard drive yanu mukopere mafayilo onse oyambirira, chida chilichonse pachokha, chifukwa makompyuta a m'masitudiyo amafa kapena kubedwa, ndipo ine ndili ndi nyimbo zimene sindingathe kuzikonzanso chifukwa tepi yake yoyambirira inatayika. Inu anayinso mulemberane mmene muzigawirana, nyimbo ndi nyimbo, kuphatikizapo chimene chidzachitike wina akadzachoka m'gulu.

Za nyimbo ya agogo anu, musalembe kuti munaipeka ndinu yonse. Ngati ndi nyimbo ya pamtondo imene amayi a m'dera lanu akhala akuimba kuyambira kale, imeneyo ndi ya chikhalidwe cha makolo, ndipo lamulo la 2016 lili ndi gawo lake lokhudza luso lotere. Kafotokozereni a COSOMA mmene munaipezera kuti akuuzeni kalembedwe koyenera, inu mudzalembedwe pa ndime ziwiri zanuzo ndi pa kakonzedwe katsopano. Koma muyambe mwafunsa agogowo ngati akadali moyo, kapena alongo awo ndi anzawo a msinkhu umodzi, kuti mudziwe ngati anaipeka okha kapena anaimva kwa amayi awo. Ngati anaipeka okha, dzina lawo lilembedwe ngati mwini mawu, ndipo pa phwando la ku Dedza lija adzakhale pa mpando wa kutsogolo.